Mabuku amene anandiphunzitsa kulembera munthu amene ali pakati pa ntchito

Mnyamata wina amene tayamba kugwira naye ntchito chaka chino anandifunsa tsiku lina, titangomaliza kukonza kabuku ka malangizo a pampu ya madzi yoyendera mphamvu ya dzuwa, kuti atakhala ndi ndalama zokwanira mabuku awiri okha angagule ati kuti kalembedwe kake kapite patsogolo. Ndinamuyankha mwachidule chifukwa kunja kunali kutayamba kuda ndipo aliyense ankathamangira minibasi, koma funso lakelo linandikhalabe m'maganizo. Ambiri mwa ife amene timalemba malangizo a makina, a mapulogalamu a pakompyuta kapena a mankhwala a m'munda sitinaphunzire ntchitoyi kusukulu. Tinangoigwera chifukwa abwana anaona kuti tikudziwako Chingerezi kuposa anzathu a mu wekishopu, ndipo zimene tikudziwa lero tinazitola m'mabuku ndi m'zolakwa zathu. Nazi tsono zimene ndikanamuuza pakanakhala nthawi.

Ndiyambe ndi muyezo umene ndimayezera mabuku amenewa, chifukwa popanda muyezowo ndingangokutchulirani maina otchuka. Munthu amene amawerenga zolemba zathu sakhala pampando ndi kapu ya tiyi. Amakhala atagwada pafupi ndi makina, sipanala ili m'dzanja, zala zili girisi yekhayekha, dzuwa likuswa mtengo, amayi akudikira madzi ndi zidebe zawo. Watsegula kabukuko chifukwa chinachake chamukanika, ndipo akangopeza chimene akufuna akatseka. Choncho buku la kalembedwe limene lili ndi phindu kwa ine ndi lomwe limandifotokozera zimene zimachitika m'mutu mwa munthu wotereyu akakumana ndi chiganizo changa. Buku longolamula kuti chitani chakuti, musachite chakuti, osanena chifukwa chake, limandisiya panjira tsiku limene lamulolo lakana kugwirizana ndi ntchito imene ili patsogolo panga.

Tikayeza motero, buku lotchuka kuposa onse silikhala pamwamba. Ndikunena The Elements of Style, kabuku kamene William Strunk Jr. anasindikiza mu 1918 kuti kathandize ophunzira ake pa yunivesite ya Cornell ku America, ndipo E. B. White, yemwe anali mmodzi wa ophunzirawo, anakakonzanso n'kukatulutsa mu 1959. Ndi kabuku kakang'ono komwe munthu angamalize madzulo amodzi, ndipo langizo lake lodziwika loti mawu osafunika achotsedwe landipulumutsa kangapo. Koma kabukuka kamalamula ngati mphunzitsi wa kale wogwira chikwapu, ndipo malamulo ake ena ndi osakhazikika. Mu 2009, pamene anthu ankakondwerera kuti papita zaka 50 chitulukire kabuku kokonzedwa ndi White, katswiri wa galamala Geoffrey Pullum analemba nkhani mu The Chronicle of Higher Education yosonyeza kuti pa zitsanzo zinayi zimene kabukuka kamapereka pochenjeza olemba za mneni wochitidwa (monga kulemba kuti "pampu inazimitsidwa" m'malo mwa "makaniki anazimitsa pampu"), zitatu sizili n'komwe mumsintho umenewo. Sindikuletsa aliyense kukawerenga, makamaka popeza mawu a Strunk a mu 1918 aja amapezeka kwaulere pa intaneti, koma ndalama zake mnyamata uja asathere pamenepo.

Buku limene ndingagule poyamba, ndikanati ndiyambirenso, ndi la Joseph M. Williams, yemwe ankaphunzitsa pa yunivesite ya Chicago. Linatuluka koyamba mu 1981 ndi mutu wakuti Style: Ten Lessons in Clarity and Grace, ndipo lakhala likukonzedwa n'kutulukanso mpaka lero ndi mutu wosintha pang'ono, ngakhale kuti mwini wake anamwalira mu 2008. Mfundo yake yaikulu ndi yosavuta kuitchula koma imatenga zaka kuti ilowe m'dzanja. Iye akuti owerenga aliyense amafunafuna zinthu ziwiri m'chiganizo, wochita ndi chimene akuchita, ndipo amayembekezera kupeza wochitayo pamalo a mwininkhani, chochitikacho pamalo a mneni. Chiganizo chimayamba kulemera pamene wolemba watenga chochitika, chimene chikanakhala mneni, n'kuchisandutsa dzina, kenaka wochita uja n'kumubisa kapena kumutayiratu.

Williams ankanena za Chingerezi, koma tsiku limene ndinawerenga mutu umenewu ndinazindikira nthenda imene ili ponseponse m'Chichewa cha m'maofesi. Taonani chiganizo ichi, chomwe ndi chofanana ndi zambiri zimene ndinalembapo ine mwini: "Kukhazikitsidwa kwa ndondomeko ya kasamalidwe ka pampu kudzathandiza pa kuchepetsa kwa kuwonongeka kwa zipangizo." Mawu onse ndi Chichewa, galamala yake ilibe chilema, koma mufunse kuti akuyenera kuchita kanthu ndani, ndipo achite chiyani. Yankho mulibe. Aneni ambiri asanduka maina, alumikizidwa ndi kwa, ya, ka, ngati ngolo za sitima, ndipo munthu wasowamo. Chimene chinkafunika kunenedwa ndi ichi: "Komiti ya madzi ikamatsuka sefa mwezi uliwonse, pampu siwonongeka msanga." Chilankhulo chathu chili ndi njira yokoma yopangira maina monga kayendetsedwe, kagwiritsidwe ndi kasungidwe, ndipo chifukwa chakuti mainawa amamveka aulemu ndi ophunzira, timawakonda mopitirira. M'lipoti lopita kwa opereka thandizo mwina sapweteka munthu, koma m'kabuku ka malangizo amasiya makaniki akukanda mutu.

Mfundo yachiwiri ya Williams imene ndimagwiritsa ntchito tsiku lililonse ndi yakuti chiganizo chiyambe ndi chimene owerenga akuchidziwa kale, ndipo chatsopano chibwere kumapeto, kumene mawu amatsamira. Apa ndi pamene iye amasiyana kwambiri ndi mabuku olamula aja, chifukwa amavomereza mneni wochitidwa ngati ndiye amene angathandize kuti chinthu chodziwika kale chikhale kutsogolo. Amene alibe mwayi wopeza bukuli angayambe ndi nkhani ya George Gopen ndi Judith Swan yotchedwa The Science of Scientific Writing, imene inatuluka mu magazini ya American Scientist mu 1990. Ndi yamasamba ochepa, imatsata maganizo omwewa, ndipo imatenga ndime zenizeni za akatswiri a sayansi n'kuziphwasula kuti muone pamene owerenga akupunthwa.

Pankhani imeneyi ife olemba Chichewa tili ndi mwayi umene olemba Chingerezi alibe. Tikhoza kulemba kuti: "Pansi pa thanki pali valavu yofiira. Valavuyo muitseke musanamasule paipi." Chinthu chodziwika kale chabwera kutsogolo, lamulo lakhalabe lolunjika kwa owerenga, ndipo sitinafunike msintho wochitidwa, chifukwa kachilembo kamodzi kali m'kati mwa mneni kaloza kale valavuyo. Kagwiridwe ntchito ka kachilembo kameneka n'kamene Joan Bresnan ndi Sam Mchombo anafotokoza m'nkhani yawo ya mu 1987 mu magazini ya Language, ndipo Mchombo anabwereranso kunkhaniyi m'buku lake la The Syntax of Chichewa la mu 2004. Limeneli si buku la kalembedwe, ndipo ndi lolimba kwa munthu amene sanaphunzire za zilankhulo, koma linandithandiza kusiya kukakamiza Chichewa kuti chiziyenda m'mapazi a Chingerezi.

Komabe ziganizo zabwino pazokha sizipanga kabuku kabwino ka malangizo, ndipo izi ndinaziphunzira mowawa. Zaka zingapo zapitazo ndinalemba malangizo oikira pampu yomira m'chitsime. Pampu yamtunduwu imaziziritsidwa ndi madzi amene ikupopa, choncho ikayatsidwa ili pouma imatentha n'kuwonongeka. Chenjezo limeneli ndinalilemba bwino lomwe, m'chiganizo chachifupi chokhala ndi wochita ndi mneni pamalo ake, koma ndinaliika kumapeto kwa tsamba, masitepe onse atatha. Makaniki wina kumudzi, munthu wodziwa ntchito yake, atalumikiza mawaya anaganiza zoyamba wayesa pampuyo ili pamtunda kuti aone ngati ikuzungulira asanavutike kuitsitsa, ndipo anaisiya ikulira kwa kanthawi. Pamene ankafika pachenjezo langa n'kuti pampu itapsa kale. Panali kulozana zala, koma mumtima ndinkadziwa kuti munthuyo anachita zimene aliyense wanzeru akanachita, ndipo wolakwa ndinali ine amene ndinaganiza kuti awerenga tsamba lonse asanagwire chilichonse.

Buku limene linandifotokozera chimene chinachitika tsiku limenelo ndi The Nurnberg Funnel la John M. Carroll, lomwe linatuluka mu 1990. Mutu wake unachokera ku nthano ya ku Germany ya fanelo yothirira nzeru m'mutu mwa mwana, ndipo Carroll akuseka maganizo akuti kabuku ka malangizo kangagwire ntchito ngati fanelo imeneyo. Iye ndi anzake pamalo ofufuzira a kampani ya IBM ankakhala pansi n'kumaonerera ogwira ntchito m'maofesi akuphunzira kulemba makalata pakompyuta, ndipo anaona kuti anthu sadikira kuti amalize kuwerenga. Amalumphira ntchito yeniyeni, amalumpha masamba, amaganizira okha chimene chikubwera, amalakwitsa, kenaka amasowa njira yobwerera chifukwa kabukuko kanalembedwa ngati kuti palibe amene adzalakwitse. Mankhwala amene iye anapereka ndi kuchepetsa mawu oyambira, kumuyambitsa munthu ntchito yeniyeni msanga, ndi kumuuza momwe angadziwire kuti walakwitsa ndiponso momwe angakonzere. Makompyuta amene akutchulidwa m'bukuli anatha kalekale, ndipo mitu ina ndi yautali kuposa momwe ikanafunikira, koma khalidwe la anthu limene anafotokoza ndi lomwe lija ndinaliona pachitsime.

Amene akufuna zomwezi m'njira yokonzeka kugwiritsa ntchito apeze Developing Quality Technical Information, buku lolembedwa ndi akonzi a zolemba za IBM, lomwe linatuluka kachitatu mu 2014. Limagawa ubwino wa zolemba m'magulu atatu, kuti zikhale zosavuta kugwiritsa ntchito, zosavuta kumva ndi zosavuta kupeza, ndipo pafupifupi tsamba lililonse lili ndi chitsanzo choipa pambali pa chokonzedwa. Si buku lowerenga usiku pogona, koma ndi lomwe ndimatsegula ndikamaunika ntchito ya mnzanga ndipo ndikufuna kumuuza chenicheni chimene chalakwika m'malo mongoti sizikumveka.

Buku lachiwiri limene ndinamuuza mnyamata uja kuti agule ndi limene anthu ambiri salitchula, The Global English Style Guide la John R. Kohl, lomwe linatuluka mu 2008 kuchokera ku kampani ya mapulogalamu ya SAS. Kohl ankaganizira owerenga amene Chingerezi si chilankhulo chawo chobadwa nacho ndiponso omasulira, kutanthauza kuti ankaganizira ife ndi anthu amene timawalembera. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti iye amalangiza zotsutsana ndi Strunk pamalo ena. Timawu ting'onoting'ono tolumikiza timene wolemba wofuna kufupikitsa amathamangira kuchotsa, Kohl akuti tisiyidwe, chifukwa ndi timene timauza owerenga pamene gawo lina la chiganizo lathera ndi pamene lina layambira. Mngelezi akhoza kudzaza yekha mpata wotsalawo, koma munthu amene anaphunzira Chingerezi kusukulu amaima n'kubwerera kumayambiriro. Kohl amachenjezanso za mlowam'malo wosadziwika chimene akuimira ndi za maina ounjikizana atatu kapena anayi popanda chowalumikiza. Aliyense amene anayesapo kumasulira m'Chichewa mulu wa maina otere akudziwa vuto lake, chifukwa Chichewa chimakukakamiza kusankha ngati ndi cha, wa kapena la, ndipo ukasankha molakwika tanthauzo lonse lasintha. Nthawi zambiri ndi womasulira amene amatulukira kuti wolemba Chingerezi uja sankadziwa n'komwe chimene ankatanthauza.

Pafupi ndi buku la Kohl ndimaikapo chikalata chotchedwa ASD-STE100, kapena Simplified Technical English. Chinayamba m'makampani opanga ndege a ku Ulaya ndipo chinatuluka koyamba mu 1986, cholinga chake chili chakuti amakaniki a ndege m'maiko onse amve malangizo mofanana, popeza kulakwitsa pa ntchito yawo kumatayitsa miyoyo. Chili ndi malamulo a kalembedwe ndiponso mndandanda wa mawu ovomerezeka pafupifupi 900, ndipo mfundo yake ndi yakuti liwu limodzi likhale ndi tanthauzo limodzi. Chiganizo cholamula chisapitirire mawu 20, chofotokoza chisapitirire mawu 25, ndipo chiganizo chimodzi chinyamule lamulo limodzi pokhapokha ngati zinthu ziwirizo zikuchitika nthawi imodzi. Sinditsata malamulo onsewa, chifukwa pampu si ndege ndipo zolemba zotere zimauma pakamwa, komanso kuwerenga mawu 20 m'Chichewa n'kosiyana chifukwa liwu lathu limodzi monga "musanaitsegule" limanyamula mawu angapo a Chingerezi. Koma mwambo woti chinthu chimodzi chizitchedwa dzina limodzi kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza ndinautenga wonse. Kusukulu anatiphunzitsa kuti kubwereza liwu ndi umphawi wa mawu, ndipo m'chimangirizo n'zoona, koma m'malangizo mukalemba "batani" pano, "switchi" apo, "chodinira" patsamba lotsatira, owerenga ayamba kufunafuna zinthu zitatu pamakina amene ali ndi chimodzi. Chikalatachi eni ake amachipereka kwaulere kwa wochipempha.

Pali mabuku ena atatu amene ndimawalemekeza koma sindingawaike patsogolo. On Writing Well la William Zinsser, la mu 1976, ndi lokoma kuwerenga ndipo limachotsa mantha mwa wolemba watsopano, ngakhale kuti linalembedwera kwambiri olemba nkhani za m'magazini. The Sense of Style la Steven Pinker, la mu 2014, lili ndi mutu umodzi umene wolemba malangizo aliyense ayenera kuwerenga, wonena za tsoka la munthu wodziwa, loti ukachidziwa bwino chinthu umaiwala momwe zinalili usanachidziwe, n'chifukwa chake injiniya amalumpha sitepe imene kwa iye ndi yoonekeratu. Lachitatu ndi la Sir Ernest Gowers, amene boma la Britain linamupempha kuti aphunzitse antchito ake kulemba momveka, ndipo Plain Words inatuluka mu 1948, kenaka The Complete Plain Words mu 1954. Ndikawerenga zitsanzo zimene Gowers ankadzudzula ndimamwetulira, chifukwa Chingerezi chodzitukumula chimene ankalimbana nacho ku London n'chomwe ndimachipezabe m'makalata ambiri a m'maofesi kwathu kuno.

Mabuku a malamulo a kampani kapena a osindikiza ndi mtundu wina, ndipo mnyamata uja ankawasokoneza ndi enawa. The Chicago Manual of Style, imene inayamba mu 1906 ndipo inatuluka ka 18 mu 2024, ndi chimphona cha masamba oposa 1,000 chomwe chimakuuzani pamene mpatuliro uyenera kukhala ndi momwe manambala alembedwere, koma sichingakuphunzitseni kuganizira owerenga. Ofesi ikhale nayo imodzi, munthu payekha asadzivutitse. Kwa olemba za mapulogalamu, Google inatsegulira anthu onse malangizo ake a kalembedwe mu 2017, Microsoft inaika ake pa intaneti mu 2018, ndipo onsewa ndi aulere. Langizo limodzi la Google ndimalibwereza kwa aliyense amene ndimamuphunzitsa: chofunika kukwaniritsidwa chitchulidwe lamulo lisanabwere. Lembani kuti "Ngati nyali yofiira yayaka, zimitsani pampu," osati kuyamba ndi kuzimitsako, chifukwa munthu wa sipanala uja amachita chimene wawerenga asanafike kumapeto kwa chiganizo.

Mabuku onsewa ndi a Chingerezi, pomwe theka la ntchito yathu limathera m'Chichewa. Patebulo panga pamakhala malamulo a kalembedwe ka Chichewa amene bungwe la Chichewa Board linatulutsa mu 1990, ndi Mtanthauziramawu wa Chinyanja wa mu 2000 wokonzedwa ndi Centre for Language Studies ya ku Zomba, yomwe inalowa m'malo mwa bungwe lija mu 1996. Amenewa amandithandiza pa masipelo ndi matanthauzo, koma maina a zipangizo ndimawatola pakamwa pa anthu amene amazigwira. Tili ndi kope lachikuto chakuda muofesi momwe timalemba dzina limodzi limene tagwirizana pa chinthu chilichonse, tsiku limene tinagwirizana, ndi chifukwa chake, kuti amene adzabwere pambuyo pathu asadzayambirenso mkangano womwewo. Mnyamata uja ndinamubwereka Williams wanga, amene chikuto chake chinathothoka kale, ndipo la Kohl waitanitsa kudzera mwa mbale wake wa ku Johannesburg. Sabata yatha analemba koyamba m'kope lija. Tinakangana masiku awiri ngati kabokosi kosintha magetsi ochokera ku mapanelo tikafotokoze ndi mawu asanu a Chichewa kapena tingolemba "inveta", ndipo iye anaimbira amakaniki atatu n'kupeza kuti onse amati inveta. Tinalemba momwemo, ndipo kufotokoza kwa mawu asanu kuja tinakuika kamodzi kokha, patsamba loyamba pambali pa chithunzi chake.